Musanakumbe chimbudzi, chitsime kapena mjigo: kugawana bwino malo a pansi pa nthaka

Mpanda wa njerwa umaletsa mbuzi za aneba kulowa pakhomo panu, koma madzi a pansi pa nthaka amangodutsa kunsi kwa maziko ake osaodira. Chimbudzi chimene aneba anakumba chaka chatha, dzenje la zinyalala kuseri kwa khitchini, mjigo wa pasukulu, pampu ya sola ya mlimi wa tomato kudambo, paipi ya water board ndi manda a mudzi, zonsezi zikukanganirana malo amodzi omwe sitiwaona. Malangizo awa ndi a munthu amene ali ndi puloti m'madera othithikana ngati Mtandire, Chinsapo, Ndirande kapena Bangwe, komanso a komiti ya mudzi imene yapeza mwayi wa mjigo ndipo ikusankha pouika.

Muyambe mwamvetsa mmene madziwo amakhalira. M'madera ambiri a Malawi mulibe mtsinje kapena nyanja yobisika pansi. Mvula ikalowa m'nthaka imakadzaza timipata ta mumchenga, m'miyala yofumbutuka ndi m'ming'alu ya thanthwe, kenako imayenda pang'onopang'ono kulowera kumunsi, kudambo kapena kumtsinje. Dothi limasefa madziwo akamatsika. Kusefako kumafuna zinthu ziwiri: dothi louma lokwanira, ndi nthawi. Chilichonse chimene mukumba chimachotsako chimodzi mwa ziwirizi.

1. Jambulani zimene zili pansi kale

Tengani pepala, muyende ndi aneba kapena a komiti, mujambule malo onse ozungulira pamene mukufuna kukumba, mamita osachepera 50 mbali zonse. Ngati mulibe tepi, dulani chingwe cha mamita 10 chikhale choyezera. Mapazi amanyenga, makamaka pamene woyezayo akufunitsitsa kuti mtunda ukwane.

Lembanipo zimbudzi zonse, kuphatikizapo zodzadza zimene zinakwiriridwa kale. Izi ndiye zimaiwalika kwambiri, chifukwa pamwamba pake pamakhala patamera nthochi kapena papaya wobiriwira bwino. Lembani mabafa ndi kumene madzi ake amathera, septic tank ndi dzenje lake lomwetsera madzi, makola a nkhumba ndi ng'ombe, maenje a zinyalala, maenje otsala pamene anthu ankaumba njerwa, galaja imene amatayira oilo pansi, zitsime ndi mijigo, yamoyo ndi yakufa yomwe. Ikani muvi wosonyeza kumene madzi amvula amathamangira, popeza kawirikawiri madzi a pansi amalowera komweko.

M'tauni onjezani mapaipi ndi nthambo. Onani pamene pali mamita a madzi a nyumba zoyandikana ndipo mulondole mzere wake kukafika kumsewu. Mphepete mwa misewu yambiri mumadutsanso nthambo za intaneti ndi zamagetsi. Musanamenye piki pafupi ndi msewu, funsani ku khonsolo ndi ku water board. Paipi yamadzi ikadutsa pafupi ndi dzenje la chimbudzi n'kung'aluka, tsiku limene madzi asiya kutuluka imayamwa zonyansa, ndipo madzi akabwerera zonyansazo zimakafika pampopi wa aliyense wa mzere umenewo.

2. Funsani anthu amene amakumba

Palibe amene amadziwa nthaka ya dera lanu kuposa adzukulu okumba manda, anyamata okumba zimbudzi ndi zitsime, ndi oumba njerwa. Afunseni kuti katondo amathera pati, mchenga umayambira pati, thanthwe amalipeza pa mamita angati, ndipo ndi mbali iti ya mudzi imene dzenje limatuluka madzi asanamalize kukumba. Kumanda musalowe nokha ndi chingwe chanu. Kumeneko ndi kwa amfumu, ndipo m'midzi yambiri ya Achewa ndi kudambwe, choncho nkhani yake iyambire kwa nyakwawa.

Funso lalikulu n'lakuti madzi amakwera kufika pati ndipo amatsika kufika pati. Yankho lake lili m'chitsime chapafupi. Mangani mwala kuchingwe choyera, mutsitse mpaka mutamva kuti wakhudza madzi, muyeze kutalika kwa chingwecho kuchokera pakamwa pa chitsime. Chitani zimenezi m'mamawa anthu asanayambe kutunga. Muyeso wa mu February kapena March ukuuzani pamene madzi amakwera kwambiri, ndipo umenewo ndiwo wolamulira kuya kwa chimbudzi. Muyeso wa mu October kapena November ukuuzani pamene amatsika kwambiri, ndipo umenewo ndiwo wolamulira kuya kwa chitsime.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Zimbudzi timakonda kukumba m'chilimwe, dothi lili gwa, ndipo wokumba amanyadira kuti wafika mamita 4 osaona dontho. Ikafika February, theka la dzenjelo lili m'madzi. Chitsime chokumbidwa mu April nacho chimaoneka chamadzi ambiri, koma pofika October chatsala matope.

3. Yezani mtunda, koma kuya kukhale patsogolo

Muyeso umene mabungwe a zaukhondo amagwiritsa ntchito m'mayiko ambiri ndi uwu: chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30, chikhale kumunsi kwake, ndipo pansi pa dzenje pakhale dothi louma la mita imodzi ndi theka musanafike pamene madzi amakwera m'dzinja. Pa manda, malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amatchula mamita 250 kuchokera pamalo otungapo madzi akumwa.

Anthu amagwira nambala ya 30 n'kuiwala mita imodzi ndi theka ija, pamene ineyo ndikanasankha kuti aiwale 30 kusiyana ndi kuiwala inayo. Dothi louma la kunsi kwa dzenje ndi limene limagwira ntchito yaikulu yopha tizilombo, chifukwa madzi amatsikamo pang'onopang'ono ndipo muli mpweya. Dzenje likangokhudza madzi, zonyansa zalowa m'njira, ndipo chotsala n'kuwerenga masiku kuti zifika liti pachitsime.

Ndiye ngati mu March madzi a m'chitsime chapafupi ali pa mamita 4, chimbudzi chanu chisapitirire mamita awiri ndi theka. Ngati ali pa mamita awiri, monga zimakhalira mphepete mwa madambo, dzenje lakuya iwalani.

Nambala ya 30 nayo si ya paliponse. M'dothi la makande kapena katondo wolimba madzi amayenda mochedwa, ndipo mtunda umenewu umakwanira. Mumchenga wokhakhala wa kunyanja kapena m'nsangalabwi za mphepete mwa mitsinje onjezerani. Pamene thanthwe long'aluka lili pafupi ndi pamwamba, monga m'mapiri a Blantyre, mng'alu umodzi ungalumikize chimbudzi ndi chitsime zotalikirana kwambiri, ndipo mumng'alu mulibe chosefa. Anzathu a ku Lusaka anaziona zimenezi. Gawo lalikulu la mzindawo linakhala pamiyala ya laimu yokhala ndi mapanga ndi ming'alu, madzi ali pafupi, ndipo pa mliri wa kolera wa 2017 mpaka 2018 madera ngati Kanyama anakhudzidwa kwambiri, moti boma linafika pokwirira zitsime zosaya za m'makomboni.

Kwathu kuno sitikufunika kukumbutsidwa. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu March 2022, pambuyo pa namondwe Ana, unapha anthu oposa 1,700, ndipo mu January 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Madzi osefukira akadzaza zimbudzi, zonyansa sizidikira kuyenda pansi, zimalowera pakamwa pa chitsime. Choncho poyeza mtunda muonenso ngati malowo amasefukira.

4. Puloti ikachepa

Mapuloti ambiri a m'madera othithikana sakwana mamita 30 kuchokera kumpanda kukafika kumpanda. Ngakhale mutaika chitsime pangodya iyi ndi chimbudzi pangodya inayo, kuseri kwa mpanda kuli chimbudzi cha aneba. Pamalo otere musadzinamize. Pali njira zitatu zoona.

Yoyamba ndi kuvomereza kuti madzi a pachitsime ndi ochapira, okolopera ndi oumbira njerwa, pamene akumwa ndi ophikira azichokera pampopi kapena pa kiosk. Ana auzidwe, ndipo zidebe zisiyanitsidwe.

Yachiwiri ndi kusintha chimbudzi. Chikhoza kumangidwa chokwera, dzenje lake lalikulu lili pamwamba pa nthaka lozingidwa ndi njerwa ndi dothi. Chikhoza kukhala cha maenje awiri osaya ogwiritsa ntchito mosinthana, mukuthiramo phulusa ndi dothi, lina likudzaza lina likuuma kwa chaka. Chikhozanso kukhala chomangidwa ndi simenti pansi ndi m'mbali momwe, chopopedwa chikadzadza. Chomalizachi chimafuna kuti galimoto kapena ngolo ya opopa izitha kufika, ndiye musatseke njira ndi chipinda cha lendi.

Yachitatu ndi kugwirizana mabanja angapo kuti zimbudzi zonse zikhale mbali ya kumunsi, ndipo chitsime chikhale chimodzi, kumtunda, chomangidwa bwino ndi chotsekedwa. Njira iyi ndi yotsika mtengo kuposa zinazo, koma ndi yovuta chifukwa imafuna kuti wina asiye chitsime chimene anakumba ndi ndalama zake. Nkhani yotere isakambidwe pampanda mokuwirana. Itanani mfumu ya dera ndi mlangizi wa zaumoyo, mapu aja ali patebulo.

5. Ngati ndi mjigo

Yambani ndi chilolezo. Lamulo la zamadzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limayang'anira katungidwe ka madzi a pamwamba ndi a pansi ndipo limapereka zilolezo, kuphatikizapo za makampani oboola mijigo. Funsani kampaniyo ikuonetseni chiphaso chake, ndipo inu mufunse ku ofesi ya zamadzi ya m'boma lanu mapepala amene akufunika. Ofesi imeneyi imadziwanso mijigo ina ya m'deralo, kuya kwake ndi imene inalephera. M'tauni kambiranani ndi water board musanalipire kalikonse.

Malo asasankhidwe potengera kuti ndani ali ndi mawu. Mijigo yambiri imaikidwa pafupi ndi nyumba ya munthu wotchuka kapena pamene galimoto yoboola ikutha kufika mosavuta. Lolani woyeza nthaka apereke malo awiri kapena atatu, kenako muwaike pamapu anu n'kufufuta amene ali kumunsi kwa zimbudzi, makola kapena manda.

Pa tsiku loboola pakhale munthu wanu ndi kope. Alembe kuya kumene madzi anayamba kutuluka, kuya konse, chiwerengero cha mapaipi amene alowa, ndi pamene aika mapaipi ong'ambidwa timizere tolowera madzi. Mapaipi a timizerewa asakhale pafupi ndi pamwamba. Kuzungulira paipi amathira timiyala tosefa, ndipo mamita angapo akumtunda amayenera kutsekedwa ndi simenti. Simenti imeneyi ndi imene imaletsa madzi akuda a pamwamba kutsetsereka m'mbali mwa paipi kukafika pansi. Ikakwiririka palibe angaione, n'chifukwa chake kontilakita wachinyengo amabera pomwepo. Muione ikuthiridwa ndi maso anu.

Musamalize kulipira asanapope madzi kwa maola angapo mosalekeza, akuyeza mmene akutsikira ndi mmene akubwererera akasiya kupopa. Zotsatira zake akupatseni zolembedwa. Pomaliza pamangidwe simenti yozungulira pampu, ngalande yotalika yotaya madzi kumunsi, dzenje la miyala lomwetsera madziwo, ndi mpanda woletsa ziweto.

Ndipo a komiti alengeze pamsonkhano wa mudzi kuti mamita 30 ozungulira mjigo sakumbidwa chimbudzi, khola kapena dzenje la zinyalala mpaka kalekale. Mjigo umakoka anthu. Pakapita zaka zochepa pamabwera nyumba, okala ndi tiyirumu, aliyense ndi chimbudzi chake. Dzalani mitengo ya zipatso m'malire a bwalolo kuti aliyense aziona, koma osati bulugamu.

6. Yezetsani madzi

Madzi oyera m'maso akhoza kukhala ndi tizilombo ta m'chimbudzi. Ayezetseni mjigo kapena chitsime chikangotha, ndiponso pakati pa dzinja. Mlangizi wa zaumoyo kapena ofesi ya zamadzi akuuzani kotengera botolo ndi katungidwe kake.

Tizilombo timafa ndi klorini kapena kuwiritsa. Zina sizichoka choncho. Ku Chikwawa ndi Nsanje kuli mijigo imene anthu anaisiya chifukwa cha mchere, ndipo kumeneko kuboola mozama sikutanthauza madzi abwino, nthawi zina kumakufikitsani pamchere weniweni. M'madera ena, monga ku Nathenje, madzi a pansi ali ndi fluoride wambiri amene amadetsa mano a ana. WHO imati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita. Nitrate, amene amachokera m'zimbudzi, m'makola ndi mu feteleza, asapitirire mamiligalamu 50 pa lita, ndipo ndi woopsa kwa makanda. Mchere, fluoride ndi nitrate mukawiritsa madzi zimangochulukira m'madzi otsalawo. Nitrate akamakwera chaka ndi chaka, dziwani kuti zimbudzi zayamba kufika pamjigo.

7. Pampu ya sola ndi mjigo wa mudzi

Mkangano watsopano m'midzi ndi uwu. Munthu waboola mjigo wake, waika pampu ya sola ndi thanki, akuthirira tomato ndi anyezi, ndipo pofika October amayi a pamjigo wa mudzi akupopa kwa nthawi yaitali madzi asanatuluke. Iye akuti akupopa pamalo pake. Akunena zoona, koma madziwo akuchokera pansi pa malo a onse.

Amene anafukulapo madzi mumchenga wa mtsinje wouma akudziwa mmene zimakhalira: mnzanu akafukula dzenje lakuya pambali panu n'kumatunga mofulumira, lanu limaphwa. Pampu iliyonse imatsitsa madzi mozungulira pamene ikukoka, ndipo ikamakoka kwambiri ndi nthawi yaitali, dera lotsikalo limakula mpaka kukafika pachitsime cha wina. Zoyamba kuuma ndi zitsime zokumba pamanja. Pampu ya Afridev, imene ili pamijigo yambiri ya m'midzi, imakoka madzi mpaka pa mamita pafupifupi 45, koma madzi akatsika kupitirira pamene silinda yake yokokera madzi inaikidwa pansi pa mjigo, chogwirira chimangopepuka.

Werengerani limodzi kuti mkangano ukhale wa manambala. Mjigo wa pamanja umawerengeredwa anthu 250. Aliyense akatunga chidebe chimodzi cha malita 20, ndi malita 5,000 pa tsiku. Mbewu za m'dimba nthawi yotentha zimamwa madzi okwana pafupifupi mamilimita 5 pa tsiku, ndipo pa hekitala imodzi amenewo ndi malita 50,000. Ndiye kuti hekitala imodzi ya tomato ikumwa madzi a mijigo 10 ya m'mudzi. Mlimiyo si mfiti, ndipo ulimi wothirira tikuufuna, koma asanene kuti akungotapako pang'ono.

Chochita ndi ichi. Mjigo wothirira usanaboolebwe, uikidwe kutali ndi wa mudzi mmene malo angalolere, ndipo poyesa kupopa paja wina aziyeza madzi m'zitsime zoyandikana. Zikatsika pa maola ochepa amenewo, zidzatsika kwambiri pa miyezi itatu ya chilimwe. Ngati mjigo ulipo kale, komiti iyambe kope la miyeso: chitsime chimodzi kapena ziwiri, tsiku loyamba la mwezi uliwonse, m'mamawa. Pa mjigo wa Afridev werengani kuti mukupopa kangati madzi asanayambe kutuluka ndiponso kuti chidebe chikudzadza pa mphindi zingati. Musanaloze chala mlimi, itanani mekaniki wa m'dera aone marabala ndi mapaipi, chifukwa pampu yotha imaonetsa zizindikiro zofanana ndi za madzi otsika.

Kenako lembani pangano pamaso pa amfumu. Linene kuti madzi akumwa ndiwo oyamba, litchule maola opopa m'miyezi ya September mpaka mvula itagwa, litchule muyeso umene madzi akafikapo kuthirira kuchepetsedwe, ndipo linene chimene mwini pampu adzachite zitsime zikauma, monga kuika mpopi kunja kwa mpanda wake. Pampu ya sola ilibe bilu, choncho imasiyidwa ikuyenda thanki ikusefukira tsiku lonse. Kachipangizo kozimitsa pampu thanki ikadzadza n'kotchipa poyerekeza ndi mtengo wa mjigo, ndipo kalowe m'panganolo. Zikakanika pamudzi, nkhani ipite ku ofesi ya zamadzi ya boma, kope la miyeso lili m'manja.

8. Chitsime chakufa

Chitsime chikauma kapena mpopi ukafika pakhomo, pamabwera nzeru yoti dzenje lakuya kale chotere lisapite pachabe, lisanduke chimbudzi kapena dzala. Pa zolakwa zonse zimene zatchulidwa muno, ichi ndiye choipitsitsa. Chitsime chinakumbidwa dala kuti chikafike pamadzi, ndiye chilichonse cholowamo, matewera a ana, mabatire, mabotolo a mankhwala a m'munda, chafika m'madzi a dera lonse popanda dothi losefa. Ngakhale chikuoneka chouma mu October, mu February madzi amabwereramo.

Chitsekeni motere. Chotsani zinyalala zimene zagweramo, koma munthu asalowe m'chitsime chakale popanda chingwe ndi anzake pamwamba, chifukwa pansi pamatha kukhala mpweya woipa wokomola. Thiranimo klorini. Kwirirani pansi ndi mchenga kapena miyala yoyera kufika pamene madzi amalekezera m'dzinja, kenako dothi la dongo, mukutsendera pang'onopang'ono. Gumulani njerwa za kukamwa, mutseke ndi dongo kapena simenti, ndipo pamwamba muunjike dothi kuti madzi amvula asadikhepo. Mjigo wolephera nawo usasiyidwe ndi paipi yoyasama imene ana aziponyamo miyala: kontilakita autseke ndi simenti asanachotse makina ake, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano la ntchito kuyambira pachiyambi.

Malo a chitsime chotsekedwacho alembeni pamapu aja, pamodzi ndi chimbudzi chilichonse chimene chadzadza, ndi chaka chake. Pepalalo lisungidwe ndi mlembi wa komiti, ndipo mukagulitsa puloti, wogulayo mumupatse kope lake limodzi ndi mapepala a malo.